Kandege Kophera Milamba

Inhassoro, 4 Novembro 2023

Okondedwa Mano Moisés, mkulu wanga,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumudziko, inu, alamu ndi ana? Abambo akudzuka bwanji? Kuno ndili bwino, kungoti dzuwa la kunyanja likusenda khungu. Chichokereni kwathu chaka chatha, makalata anu ndalandira awiri okha. Ndikudziwa kuti kumeneko kulibe rede, netiweki ya telefoni ija, koma mapepala nawonso atha kodi? Nkhani za kwathu ndimachita kuzimva kwa mlongo wathu Ercília akandiimbira ali pa banka yake yogulitsirapo nyemba mumsika wa Furancungo, ngati ndine mlendo.

Katoni imene yabwera ndi kalatayi muitsegule mosamala. Muli dironi, kandege kaja ndinkakuuzani kuti alendo obwera kudzawedza kuno amatumizira nyambo pakati pa nyanja. Patarau wanga, bwana amene ndimamugwirira ntchito, wagula katsopano, ndiye kakaleka wandipatsa. Ndaikamonso ndodo yowedzera, kareto wake wokulungira chingwe, ndi mabateriya awiri oti muzitchaja pa sola ya kutchalitchi. Ndakumbukira milamba ija ya pa dziwe la Chiphale, imene imabisala kuseri kwa mwala wapakati komwe dzanja la munthu siliponya n'kufika. Chaka chino muidya.

Koma mumvetsetse kamangidwe ka chingwe, chifukwa mukalakwitsa kandegeko mukakafuna pansi pa madzi. Chingwe musachimangirire ku kandege. Ndikubwereza, musachimangirire. Pamimba pake pali kachitsulo kokhala ngati chala chopinda, kamene kamatseguka mukadina batani lofiira pa komando, kabokosi koyendetsera kandegeko. Dulani nayiloni wokhuthala uja mikono iwiri. Nsonga imodzi muipinde n'kumanga mfundo kuti pakhale mphete yolowa zala ziwiri, ndipo mpheteyo ndiyo mukoleke pa chala chachitsulocho. Nsonga inayo muimange pa kachitsulo kozungulira kamene ndamata pa chivindikiro cha katoni. Pa kozungulirako ndi pomwe mumangenso chingwe chochokera ku kareto, ndi china chachifupi cha mbedza ndi shumbu yomiza nyambo. Mikono iwiri ija ndi yoti zonsezi zizilendewera kutali ndi mapiko. Chingwe chikangokhudza mapiko, basi, zatha. Nyambo ndi shumbu zisalemere kuposa botolo laling'ono la madzi.

Munthu mmodzi agwire ndodo, kareto ali wotsegula, chala chachikulu chitangokhudza chingwe kuti chisapotane. Wina agwire komando. Kandege kakwere kaye kupitirira mitengo, kenako kapite kutsogolo pang'onopang'ono. Kakafika pamwalapo dinani lofiira, nyambo igwe, inu mukabweze. Kakayamba kulira kuti pi-pi-pi ndiye kuti bateriya yatha, musatsutsane nako. Kukakhala mphepo kasungeni m'nyumba.

Tsopano Mano, zotsatirazi muwerenge nokha. Kandegeka kali ndi diso, kamajambula zonse za pansi n'kuzisunga pa kakhadi kamene kali m'mbali mwake. Ercília wandiuza kuti mkazi wanga Doroteia akumawoloka mtsinje Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, atasamba, atavala chitenje chabwino, kupita ku positu ya zaumoyo kwa enfermeiro, namwino wamwamuna watsopano uja, Edilson. Akuti amakhalitsa m'katimo, ndipo mumsika anthu ayamba kundiseka. Iye sakudwala, mwana wathu Rute sakudwala. Nanga akukatani? Ine ndikukazingika kuno, wina akukolola m'munda mwanga. Muulutse kandegeko tsiku limodzi mwa masiku amenewo, m'mwamba kwambiri kuti asamve, kamutsate mpaka pakhomo la positu. Kakhadiko munditumizire kudzera kwa Ercília. Iyeyo musamuuze kanthu.

Ndine mng'ono wanu,
João Paulo


Chidzolomondo, 19 Novembro 2023

Abambo a Rute,

Moni ndikukupatsani chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa mtima ukufuna. Rute ali bwino, wamera mano ena awiri.

Katoni yanu inafika dzana pa mota, njinga yamoto ija. Munaiwala chinthu chimodzi, maso a achimwene anu. Zilembo amaziona ngati nyerere zoyenda, ndipo makalata onse a pakhomo pano, ngakhale awiri aja mukudandaula nawo, ndimalemba ndine, ndimawerenga ndine. Ndiye anandipatsira kuti, "Mlamu, tiwerengereni." Tinali pansi pa mango, iwowo, akazi awo, abambo anu a Clemente ali pamkeka, ndi anthu atatu a mumpingo amene anabwera kudzaona katoni. Ndinawerenga za mphete, za mikono iwiri, anthu akugwedeza mitu kuti mwana wa a Clemente wafika patali. Nditafika poti muwerenge nokha ndinaima. A Mano anati, "Pitirizani mlamu, pano palibe mlendo."

Ndinapitiriza. Sindinadumphe liwu ngakhale limodzi. Za kusamba, za chitenje, za munda wanu umene wina akukolola, zonse ndinaziwerenga ndi pakamwa pangapa, mokweza ngati zolengeza za kutchalitchi. A mumpingo aja anatsanzika osamwa thobwa. Abambo anu anadzifunda nsalu kumutu masana, dzuwa likuswa mtengo.

Ndiye ine ndine munda? Munandichotsa kwathu ku Tsangano, kwa amayi anga, n'kundibweretsa kuno mwa chitengwa, ndipo musanathe chaka munakwera shapa, minibasi ija, n'kupita. Chimanga ndalima ndekha. Fodya wa achimwene anu ndasoka mpaka zala kuda. Chaka ndi miyezi itatu simunaponde pano, ndipo katundu woyamba wamkulu amene mwatumiza si nsapato za mwana ayi, koma diso loti lizindizungulira pamutu ngati kabawi pa anapiye.

Inde ndimawoloka mtsinje. Lolemba, Lachitatu, Lachisanu, mlongo wanu anawerenga bwino. Inde ndimasamba. Mumafuna ndizipita kwa anthu ndikununkha utsi? Chimene ndimakatenga kumeneko sindikuuzani. Pali amene anandiletsa, ndipo ine mawu a munthu wamkulu ndimasunga, ngakhale lero andiwotcha. Mukanayamba kufunsa ine, osati mlongo wanu amene safika kuno ngakhale pa maliro, mwina ndikanakapempha chilolezo n'kukuuzani. Tsopano mufunse kandege kanu.

Doroteia


Inhassoro, 2 Dezembro 2023

Doroteia,

Kalata yako ndalandira. Umupsompsone Rute.

Kalata ija sinali yako. Munthu wophunzira ukaona mawu oti awerenge yekha umapinda pepala n'kubweza kwa mwini wake. Iwe unasankha kundivula pamaso pa abambo ndi anthu a mumpingo, kenako ukundilembera ngati wolakwiridwa ndiwe wekha. Ercília wandiimbira akulira, akuti dzina lake likutchulidwa m'mudzi monse ngati la mfiti, pomwe iye amangondifunira zabwino.

Ndakufunsa funso limodzi ndipo sunayankhe. Ukukatani kwa Edilson katatu pa mlungu? Ukuti munthu wamkulu anakuletsa. Wamkulu wake uti? Pa iwe wamkulu ndi mwamuna wako. Nkhani yoyera sibisidwa, Doroteia. Ukuganiza kuti kuno ndikusewera? Ndimadzuka tambala asanalire kukakoka boti, ndimasenza nsomba za anthu ena, ndimatukwanidwa m'zilankhulo zitatu, zonsezi kuti tidzamange nyumba ya malata. Kubwera sindingabwere tsopano, ino ndi nyengo ya alendo, ndikachoka ntchito aipereka kwa wina tsiku lomwelo.

Undiyankhe molunjika. Ndipo uwauze Mano kuti kandegeko asakasunge pafupi ndi moto, mabateriya aja amaphulika.

Mwamuna wako,
J. Paulo


Chidzolomondo, 10 Dezembro 2023

João Paulo,

Ndine mkulu wako Moisés. Akundilembera ndi a katekisita, chifukwa mlamu wakana kugwiranso cholembera m'dzina la banja lino, ndipo sindikumuimba mlandu. Tili moyo.

Iwe, unandiona bwanji kuti undisandutse wapolisi wa mlamu wanga? Ndili ndi imvi ine. Ndizibisala m'tchire ndi kachidole kako kulonda mkazi amene amandiphikira ndiwo mkazi wanga akadwala? Manyazi amene ndinachita pansi pa mango paja sindinawachitepo chibadwire.

Tsopano umve, ndipo abambo akakwiya akwiyire ine. Abambo ali ndi shuga. Mu Agosto anaponda chitsa kudimba, chilonda cha kuphazi lamanzere sichikupola mpaka lero. Kuyenda sayenda, n'chifukwa chake amangokhala pamkeka. Anatilumbiritsa tonse kuti usamve, akuti ukamva usiya ntchito n'kubwera kudzakhala nawo pa umphawi. Chilondacho chimafunika kutsukidwa tsiku lililonse. Ine sindiona bwino, mkazi wanga akangochiona amasanza. Ercília tinamutumizira uthenga kawiri kuti abwere adzathandize, anayankha kuti banka siikhala yopanda munthu, ndipo sanafunse n'komwe kuti vuto n'chiyani. Amene anagwada n'kugwira phazi la apongozi ake ndi mkazi wakoyo, chinthu chimene mtengwa sachita kwathu kuno. Ku positu amakatenga nsalu zomangira chilonda ndi mapiritsi, ndipo a Edilson amamuphunzitsa katsukidwe kake. Amakhalitsa chifukwa pamakhala mzere. Munda wako umene ukukololedwa ndi umenewo.

Za kandege kako. Mwezi watha tinapita nako ku Chiphale. Ndinamanga mphete ija ndi mikono iwiri monga unanenera, koma katangokwera kupitirira mitengo ine sindinakaonenso, ndimangomva kulira ngati njuchi. Mlamu anali akuchapa pamwala. Anabwera manja ali thovu nati, "Bweretsani kuno alamu, ndikaone chinthu chimene chimati chindilonde." Anagwira komando, ine ndodo. Ulendo woyamba nyambo inagwera m'bango. Wachiwiri inagwa kuseri kwa mwala ndendende. Posakhalitsa ndodo inapindika, ndipo ndinavuula mlamba ngati ntchafu yanga. Chibwerere, Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa amakaulutsa ndi iyeyo, ndipo dzanja lake lazolowera. Koma nsombazo sadya. Amaphika, n'kupatsa abambo ndi ana, iye n'kudya nkhwani.

Ulembe kalata yopepesa, ndipo ubwere pa Natale, chikondwerero cha kubadwa kwa Ambuye, ngakhale masiku atatu. Phazi lija silikundisangalatsa, layamba kununkha.

Mkulu wako,
Moisés


Inhassoro, 29 Dezembro 2023

Mano Moisés,

Moni. Natale yadutsa, palibe kalata yochokera kwa inu, palibe yochokera kwa Doroteia. Ndikafunsa Ercília akuti palibe chimene chafika pa banka yake. Ndiye mwagwirizana nonse kundikhalira chete? Ndakutumizirani chinthu chimene m'distrito monse mulibe amene ali nacho, ngakhale zikomo palibe. Ngati mwaima kumbali ya mlamu wanu ndiuzeni, ndidziwe kuti mbale ndilibe. Kukhala chete kwanuku kwandiyankha kale funso limene ndinafunsa.

João Paulo


Tete, kuchipatala, 27 Janeiro 2024

Abambo a Rute,

A Mano akuuzani kale pa telefoni kuti abambo anu ali moyo ndipo mwendo audula m'munsi mwa bondo. Mwaimba kasanu kufuna ine, ndakana. Ndikulemba kuti musandidule mawu.

Mvula inagwa masiku asanu ndi limodzi osakata. Pa 11 mtsinje unakokolola mlatho wa mitengo uja, ndipo madzi anafika mpaka m'madimba. Tsiku lomwelo abambo thupi linatentha, phazi linatupa mpaka m'katumba, zala ziwiri zinada. Mapiritsi anali atatha dzulo lake, nsalu zomangira ndinali nditachapa zakale. Anayamba kuitana amayi anu amene anamwalira kalekale.

M'mawa mwake tinatsikira kumtsinje. Tsidya linalo tinaona a Edilson ataima ndi anthu, chifukwa anadziwa kuti linali tsiku langa lobwera. Tinakuwa, iwonso anakuwa, koma madzi ankalira kuposa tonse. Mnyamata wina wamphamvu wa m'mudzi mwathu anayesa kuponya mwala womangirira chingwe, sunafike ngakhale pakati. A Mano anayamba kuvula malaya kuti asambire. Akazi awo anawagwira miyendo akulira.

Ndinathamanga kukatenga katoni yanu. Kunali mphepo, ndipo munalemba kuti kukakhala mphepo kasungidwe m'nyumba, koma m'nyumbamo munali munthu akufa. Ndinadula nayiloni mikono iwiri, ndinamanga mphete, ndinaikoleka pa chala chachitsulo. Pa kozungulira paja ndinachotsa mbedza, n'kumangapo shumbu ndi kabotolo kokhala ndi kapepala kofotokoza za phazi. A Mano anagwira ndodo.

Ulendo woyamba, ndi mantha, anakanikiza chala pa kareto. Chingwe chinakungika, kandege kanapendekeka kakulira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Ndinadina lofiira msanga, kabotolo kanagwera m'madzi, kandege kanabwerera. Ndinawakalipira alamu anga pamaso pa anthu, Mulungu andikhululukire. Anakulunga chingwe. Tinasintha bateriya, n'kuyambanso. Ndinati, "Alamu, chalacho chichotseni, chingwe chikapotana chipotane." Kanakwera, mphepo ikukakankhira kumunsi, ine ndikukabweza kumtunda. Katadutsa madzi onse n'kufika pamwamba pa chimanga cha tsidya, ndinadina. Ndinaona a Edilson akuthamangira m'munda, kenako anatuluka atakweza kabotolo. Anthu a mbali zonse ziwiri anakuwa.

Pobwerera kanayamba pi-pi-pi kali pakati pa mtsinje. Mphepo inakaposa mphamvu. Kanatsika, kanatsika, kanakhudza madzi, osaonekanso. Kapita ndi diso lake ndi kakhadi kake. Ngati mukufuna kulipiritsa munthu, mulipiritse ine.

Pa chingwe cha ku kareto chija, chimene tsopano chinali chitawoloka mtsinje, tinamangirira chingwe cha khonje chomangira mabelo a fodya, a tsidya anakoka, tinachimanga pa mikuyu iwiri. Tinakolekapo chigubu chodula pakamwa, chomayenda uku ndi uku. M'menemo munabwera mapiritsi, mankhwala otsukira, ndi kalata ya a Edilson yondiuza chochita ola lililonse. Masiku atatu tinakhala choncho, iwo akubwera kugombe m'mawa ndi madzulo mvula ikuwanyowetsa. Tsiku lachinayi madzi atafika m'chifuwa, amuna asanu ndi mmodzi ananyamula abambo pa chitseko cha nyumba yanu, akugwira khonje lija, n'kuwawolotsa. Dotolo wa kuno akuti pakanapanda mapiritsi aja sakanafika ndi moyo ngakhale ku Furancungo.

Ku Furancungo, podikira galimoto ya ku Tete, a Mano anapita pa banka ya mlongo wanu kukamuuza. Pokhala pansi anasuntha thumba la nyemba, ndipo pansi pake panali kalata imene anakulemberani pa 10 Dezembro, yotsegulidwa. Anaizindikira ndi envelopu ya kutchalitchi. Ndaiika pamodzi ndi inoyi. Muiwerenge nokha, monga mumakondera.

Akawatulutsa ndiwaperekeza mpaka kunyumba, ndiphunzitse akazi a alamu kumanga chilonda. Kenako ine ndi Rute tikupita kwathu ku Tsangano. Anthu atatu a mumpingo aja nkhani anaifikitsa kulikonse, ndipo ndatopa kutunga madzi pa mjigo pomwe amayi amasiya kulankhula ndikafika.

Doroteia


Inhassoro, 9 Fevereiro 2024

Mayi a Rute,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndi mwana. Makalata onse awiri ndawerenga, ya Mano ndaibwereza katatu. Chakudya sichikulowa.

Ndinalakwa. Ndalemba ndi dzanja langa kuti mukhale nawo mawuwa. Koma inunso taganizani, munthu ali kutali, mlongo wake wa bere limodzi akumuuza chinthu, achite bwanji? Ercília ndamutukwana mpaka telefoni kutentha, ndamuuza kuti asadzanditchulenso kuti mlongo. Akuti anabisa kalatayo poopa kuti ndidziwa kuti anakana kubwera kudzathandiza. Abambonso, bwanji anandibisira? Ndine mwana wawo, osati mlendo. Mano bwanji sanakwere mota kupita pamene pali rede n'kundiimbira? Nonse munkadziwa, ine ndekha ndiye wopusa.

Za kandege musadandaule, ndi chitsulo chabe. Patarau nditamufotokozera mmene munawolotsera chingwe sanakhulupirire, akuti ngakhale iye pa mphepo yotere sakanayesa.

Musapite ku Tsangano, ndapota nanu. Mukapita anthu anena kuti nkhani ija inali yoona. Ndapempha masiku, akuti alendo adzaza mpaka Pasika. Ikangodutsa Pasika ndikwera basi yoyamba, tidzakhale pansi tikambirane. A Edilson muwathokoze m'malo mwanga.

Mwamuna wanu,
João Paulo


Chidzolomondo, 1 Março 2024

Iwe João Paulo,

Ndine bambo wako Clemente, akulemba ndi a katekisita. Ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, asakometse.

Ndabwerako kuchipatala ndi mwendo umodzi ndi ndodo ziwiri. Mtengwa wanga anapita Lachiwiri lapitali. Anasesa nyumba yako, anabweza chitseko m'malo mwake, anagwada kunditsanzika. Ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Ukufunsa kuti bwanji ndinakubisira. Ndinalakwa, ndavomera. Ndinkasunga ntchito yako, ndipo ndinasenzetsa mwana wa eni katundu amene sanali wake. Tsiku lija pansi pa mango ndikanangotsegula pakamwa n'kunena kuti amapita chifukwa cha phazi langa, nkhani ikanathera pomwepo. Ndinafunda nsalu ngati wamantha. Mlandu umenewo ndi wanga. Koma wako usaukankhire kwa Ercília. Ercília sanakugwire dzanja polemba.

Ukuti udzabwera ikadutsa Pasika. Ine ndi mayi ako tinathawa nkhondo wapansi mpaka ku Dedza, mkulu wako ali kumsana, ndipo sindinamuuzepo kuti adikire nyengo ya alendo ithe. Mwendo wanga unadulidwa iwe kulibe. Ukufuna banja lakonso lidulidwe iwe kulibe?

Sindikudikira. Pa 8 Moisés andikweza pa mota mpaka pamsewu, tikwere shapa ya ku Ulónguè, mawa lake tikafike ku Tsangano. Ndikagwada kwa amayi ake ndi kwa malume ake ndi bondo limene latsalali. A katekisita akuti chilonda sichinapole, ndingafe panjira. Ndawauza kuti alembe zimenezonso. Ukafuna, ukatipeze kumeneko.

Bambo wako


Tsangano, 21 Março 2024

Abambo a Rute,

Tili bwino. Rute wayamba kuyenda wogwira khoma, ndipo kuzizira kwa kuno kwamupatsa chimfine.

Abambo anu anafika pa 9 Março madzulo, atamangidwa ndi chitenje kumsana kwa wa mota kuti asagwe, a Mano ali pa mota ina kumbuyo. Nsalu ya pachilonda inali yofiira yonse. Amayi atawaona anagwetsa lichero. Anawakonzera mpando, iwo anakana, anaponya ndodo n'kudzigwetsa pansi pakhomo, pafumbi, malume ndi anthu a m'mudzi akuona. Ananena zonse, za phazi, za lumbiro limene anandilumbiritsa, za kufunda nsalu kwawo. Anati, "Mwana wanuyu sanalakwe. Olakwa ndife, ine ndi amene ndinabereka." Malume anayang'ana kumsewu n'kufunsa kuti, "Nanga mwini nkhani ali m'mbuyo?" Tinadikira mawa lake ndi mkuja wake. Shapa iliyonse ikaima abambo anu ankadzutsa mutu.

Nditamasula nsaluyo ndinapeza ulusi wina utaduka, ndipo akazi a alamu, ngakhale anayesetsa, ankamanga molimba kwambiri. Kuchipatala cha kuno asokanso. A Mano atati abwerere nawo, amayi anaima pakhomo nati, "Munthuyu sakweranso mota mpaka apole. Kumeneko amusamala ndani?" Abambo anu anatsutsa kuti mwamuna sagona kwa asewere ake ngati mwana wamasiye. Amayi anawayankha kuti zamwambo akazinene atapola. A Mano anabwerera okha kukaona fodya.

Ndiye abambo anu akukhala kuno. Akugona m'nyumba ya malemu agogo, chilonda ndikutsuka ndine m'mawa uliwonse. Masana amakhala padzuwa kusankha mbewu ya mbatata ndi malume, akukangana za mitengo ya feteleza ngati anadziwana kale. Dzina lanu satchula.

Kalata yanu ya pa 9 Fevereiro ndinawerenga. Mawu oti ndinalakwa ndinawaona, ndinaonanso koma amene anabwera pambuyo pake. Ku Chidzolomondo sindikubwerera chaka chino, ndatenga kale munda wa nyemba kuno. Za chaka chamawa sindikudziwa, ndipo musandifunse pa pepala. Musatumizenso kalata kapena katundu, sindilandira.

Mukafuna kuona abambo anu, mutsike pa msika wa Tsangano, mufunse kwa a Vasco osoka nsapato, akulozerani njira. Malume akuti mukadzafika mudzayambe kwa iwo, mudzanene ndi pakamwa panu zimene munalemba zija, anthu ali pomwepo, monga ndinaziwerengera ine. Mukadzatha pamenepo ndi pomwe mudzaone mwana. Mubwere ndi bulangete lanu, mudzagona kwa malume.

Doroteia